Database ya sitolo ikusemphana ndi buku la ngongole: vuto ndi makalaliki kapena mamangidwe?

Funso

Ndine mnyamata wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndinapangira amalume anga database (nkhokwe ya zolemba ya pa kompyuta) ya pulogalamu ya Microsoft Access yoyendetsera bizinesi yawo. Amagulitsa feteleza ndi mbewu, alimi ena amatenga pa ngongole, ndipo nthawi yokolola amagula soya, nyemba ndi chimanga. Makompyuta ndi atatu, makalaliki awiri, ndipo chaka chino atsegula depoti ina ku Domwe. Mlimi mmodzi akumaoneka kawiri kapena katatu, lipoti la ngongole silikugwirizana ndi buku, malonda ena akupezeka m'mwezi wolakwika, ndipo magetsi akathima fayilo imakana kutseguka. Amalume akuti makalaliki ndi osasamala, akufuna kuwachotsa. Ine ndikukayika. Ndiyambire pati?

Yankho

Achimwene, musanakhudze kompyuta, kakhaleni pansi ndi amalume anu, muwapemphe aleze mtima pa nkhani yochotsa anthu ntchito. Mavuto anayi mwatchulawa ndimakumana nawo kawirikawiri m'mabizinesi a mtundu umenewu, ndipo atatu mwa iwo amachitika ngakhale kalaliki atalemba zonse molondola. La mlimi kuoneka kawiri ndi limene limadutsa m'manja mwa wolemba, komabe nalonso limatheka chifukwa fomu ikulola. Mukalemba ntchito kalaliki wina mawa, adzapunthwa pamalo omwewo. Chimanga chikalowa m'nkhokwe chili chachiwisi simungachiumitsire m'katimo, ndipo ntchito yaikulu ya ife omanga database ili pakhomo pamene data imalowera.

Tsekani Access pa makompyuta onse atatu, koperani fayiloyo pa flash, muipatse dzina lokhala ndi deti ya lero, muisunge padera. Zoyesayesa zanu zonse zichitikire pa kope ina, osati pa imene anthu akugwirira ntchito. Kenako musayambe ndi lipoti lonse. Munthu akaona kuti ndalama zasiyana kwambiri amatekeseka, n'kuyamba kusintha ma query (mafunso osungidwa amene amatulutsa kapena kusintha zolemba za m'matebulo) mwachisawawa mpaka kuiwala chimene wasintha. Sankhani mlimi mmodzi amene ngongole yake ya m'kompyuta ikusiyana ndi ya m'buku, tengani marisiti ake onse a pepala, muwalondole limodzilimodzi: m'tebulo analowa bwanji, m'query akutuluka bwanji, pa lipoti akuoneka bwanji. Pamene nambala yasinthira ndi pamene pagona vuto. Mukatero ndi alimi atatu kapena anayi muyamba kuona kuti cholakwikacho chili ndi kachitidwe kake.

Za madeti ndingathe kukuuzani ndisanaione n'komwe fayilo yanu. Yang'anani malonda onse amene asochera mwezi. Ndikukhulupirira kuti mupeza kuti onse ndi a pakati pa tsiku la 1 ndi la 12, ndipo kuyambira pa 13 mpaka kutha kwa mwezi zonse zili bwino. Kuno ku Mozambique timalemba tsiku, mwezi, kenako chaka. SQL (chinenero cholamulira database) ya Access, deti ikalembedwa pakati pa zizindikiro ziwiri za #, imaiwerenga mwa chimereka, mwezi poyamba tsiku pambuyo, kaya Windows yanu ndi ya Chipwitikizi kaya ya Chingerezi. Ndiye ngati batani lanu losungira malonda limamanga chiganizo cha SQL polumikiza mawu ndi deti ya pa fomu, 03/04/2025, imene kwa inu ndi 3 Epulo, imakasungidwa ngati 4 Malichi. Ikakhala 25/04/2025, Access imaona kuti kulibe mwezi wa 25, imatembenuza yokha osakuuzani, deti n'kulowa bwinobwino. N'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati la apo ndi apo, ndipo anthu amafulumira kuloza chala kalaliki.

Pokonza, deti iliyonse yolowa m'chiganizo cha SQL idutse kaye mu Format(deti, "yyyy\-mm\-dd") kuti ituluke ngati #2025-04-03#, kalembedwe kamene Access siisokoneza. Chabwino koposa n'kusiyiratu kulumikiza mawu, mugwiritse ntchito parameter (malo a m'query olandirira detiyo payokha), kapena fomu yomangirira mwachindunji ku tebulo, chifukwa pamenepo deti imayenda ngati deti, osati ngati mawu. Madeti amene analowa kale molakwika musawatembenuze onse ndi query imodzi, popeza amene analowera njira ina ali bwino ndipo muwaononga. Sanjani malonda potsata nambala ya risiti. Pamene deti yalumphira m'mbuyo kapena m'tsogolo pakati pa marisiti awiri otsatizana, tsegulani pepala mutsimikize.

Palinso kena kakang'ono kamene kamabisa malonda a tsiku lomaliza la mwezi. Ngati danga la deti limadzazidwa ndi Now(), limasunga ndi ola lomwe. Mukafunsa malonda a pakati pa 1 Epulo ndi 30 Epulo, Access imamva kuti 30 Epulo nthawi ya 00:00, ndiye zonse zogulitsidwa masana a tsikulo zimatsala kunja. Muzifunsa kuti deti ikhale yochepera pa 1 Meyi, kapena mudzaze dangalo ndi Date() ngati ola mulibe nalo ntchito.

Tsopano nkhani ya vírgula (,) ndi kadontho (.), imene kuno kumalire ndi yaikulu kuposa momwe mabuku a Access amaifotokozera. Amene anaphunzira sukulu ya Chipwitikizi amalemba 1.500,50 pomwe amene anaphunzira ku Malawi amalemba 1,500.50 pa ndalama zomwezo. Ku Angónia ndi ku Tsangano anthu a mbali zonse ziwiri amagwira ntchito pa tebulo limodzi. Mabanja ambiri anakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, ndipo mpaka lero anthu amaoloka malire pa Calómuè ndi pa Biri-Biri tsiku ndi tsiku. Kalaliki akalemba 1,500 pa kompyuta yotcheredwa Chipwitikizi, kompyutayo imamva metikali (ndalama ya ku Mozambique) imodzi ndi theka. Akalemba 1.500 pa yotcheredwa Chingerezi, zimachitikanso chimodzimodzi. Iye walemba zoona monga anaphunzirira. Onani ma regional settings (zotchera za kalembedwe ka madeti ndi manambala) a makompyuta anu atatu. Kawirikawiri amakhala osiyana chifukwa anagulidwa kosiyana, ina mwina ku Tete, ina ku Lilongwe. Atchereni mofanana onse, ndipo mugwirizane kuti polemba ndalama palibe kuika chizindikiro cholekanitsa masauzande, alembe 1500 basi, fomu iziika yokha poonetsa.

Koma musadalire pangano la pakamwa lokha. Ikani validation rule (lamulo lokana zolemba zosayenera) pa danga lililonse la ndalama ndi la kulemera. Thumba la feteleza la 50 kg silingagulidwe metikali ziwiri, ndiye fomu ikane mtengo wotsika kuposa malire amene amalume anu atchule, komanso wokwera mopitirira. Ndalama yonse ya pa risiti kalaliki asamailembe ndi dzanja. Alembe makilo, mtengo ubwere wokha, fomu ichulukitse. Ndipo ngati pali pena pamene mumalumikiza nambala m'chiganizo cha SQL, dziwani kuti 12,5 imasanduka zinthu ziwiri, 12 ndi 5, ndiye Access imadandaula kuti madanga ndi zoikamo sizikufanana kuchuluka. Str() imatulutsa kadontho nthawi zonse, ndi imene imathandiza pamenepo. Madanga a ndalama akhale a mtundu wa Currency, osati Double, chifukwa Double imasunga tizigawo mongoyerekeza ndipo mukaphatikiza mizere yambiri timasentavo timayamba kusemphana.

Zochokera ku Excel zili ndi misampha yakeyake. Fayilo ya CSV (tebulo losungidwa ngati mawu chabe) yotuluka pa kompyuta ya Chipwitikizi imalekanitsa madanga ndi ponto e vírgula (;), ya Chingerezi ndi vírgula. Excel imadula ziro woyambirira, choncho nambala ya foni ya ku Malawi yoyamba ndi 0 imafika yopunduka. Mukaona Angónia walembedwa AngÃ³nia, fayiloyo inasungidwa mu UTF-8 (njira yosungira zilembo) koma yawerengedwa ngati ya Windows yakale. Sankhani UTF-8 pa nthawi yoilowetsa. Ine sindilola chilichonse cha ku Excel kulowa mwachindunji m'tebulo lenileni. Chimatera kaye m'tebulo losakhalitsa limene madanga ake onse ndi Short Text (mtundu wa mawu chabe), ndichiyang'ane, kenako ndichisamutse ndi query.

Lipoti la ngongole ndi limene likuwapweteka mtima amalume anu, choncho tikhalepo pang'ono. Tsegulani query imene imalidyetsa, muchotse kaye kuphatikiza kwa Sum, muone mizere yeniyeni ya mlimi wanu mmodzi uja. Cholakwika chofala n'kuika tebulo la alimi, la ngongole ndi la malipiro m'query imodzi. Tinene kuti mlimi anatenga katundu katatu ndipo wabweza kanayi. Access imakwatitsa mzere uliwonse wa ngongole ndi mzere uliwonse wa malipiro, n'kutulutsa mizere 12. Ngongole iliyonse yawerengedwa kanayi, malipiro alionse katatu. Mlimi amene anatenga kamodzi n'kubweza kamodzi amaoneka bwino, ndiye poyesa database muli nokha simuona kanthu, vuto limadzatulukira anthu atayamba kubweza pang'onopang'ono. Pangani query imodzi yophatikiza ngongole za mlimi aliyense, ina yophatikiza malipiro ake, ndipo yachitatu ilumikize ziwirizi ku tebulo la alimi, mzere umodzi pa mlimi mmodzi.

Pa query yachitatuyo samalani zinthu ziwiri. Mzere wolumikiza matebulo umene Access imajambula yokha ndi inner join, imene imangoonetsa alimi opezeka mbali zonse ziwiri. Mlimi amene sanabwezepo kalikonse alibe mzere m'tebulo la malipiro, ndiye amasowa pa lipoti. Taganizani, anthu amene amalume anu akufunitsitsa kuwatsatira ndi amene sakuoneka. Dinani kawiri pa mzere wolumikizawo musankhe kuti alimi onse aoneke. Mukatero malipiro a munthu ameneyu atuluka Null (danga lopanda kanthu), ndipo ngongole kuchotsapo Null imabala Null, osati ngongole. Kutirani malipirowo ndi Nz(malipiro, 0) kuti pakhale ziro.

Funso lina lodzifunsa: mtengo mumausunga kuti? Ngati lipoti limakatenga mtengo wa feteleza m'tebulo la katundu, ndiye tsiku limene amalume akweza mtengo ngongole zonse za chaka chatha zimakwera nazo. Mtengo wa tsiku logulitsa uzikopedwa n'kukhala mumzere wa malondawo, usadzasinthenso. N'chimodzimodzi msonkho: IVA inatsika kuchoka pa 17% kufika pa 16% mu Januwale 2023, ndipo amene anailemba m'kati mwa query anapeza mafakitura akale akusintha okha. Ngati nthawi zina mumalandira kwacha ya ku Malawi, mzere uliwonse ukhale ndi danga lonena mtundu wa ndalama ndi lina la mtengo wosinthira wa tsiku limenelo. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo ngongole yolembedwa opanda mtengo wa tsiku lake palibe angaiwerengere mwachilungamo pambuyo pa zotere. Za miyeso ndingonena mwachidule: m'database zonse zikhale makilo. Thumba ndi ndowa ndi mawu a pamsika, ndowa ya soya siilemera ngati ya chimanga, ndipo kulemera kwa thumba lopanda kanthu kukhale ndi danga lake.

Tibwere kwa mlimi wooneka katatu. Dera lathu lino dzina limodzi lili ndi malembedwe awiri kapena atatu, onse olondola. Pa bilhete (chiphaso cha boma) palembedwa Camuendo, mwini wake akalemba yekha ndi Kamwendo. Kutchalitchi ndi Yohane, ku boma ndi João. Mudzi womwewo wina alemba Domwe, wina Dómuè, wina Domue. Kalaliki amene ali ndi mzere wa anthu ndi matumba awo panja akafufuza Kamwendo osamupeza, amalembetsa watsopano, ndipo sindingamudzudzule. Find Duplicates Query Wizard ya Access sikuthandizani kwenikweni, chifukwa imangogwira zofanana ndendende.

Dzina lisakhale chozindikirira munthu m'database. Mlimi aliyense akhale ndi nambala yake, ndipo nambalayo ilembedwe pa kakhadi kamene azibwera nako komanso pa risiti iliyonse. Matebulo a ngongole ndi malipiro azisunga nambalayo, osati dzina, ndipo mu Relationships muyatse Enforce Referential Integrity kuti pasalowe ngongole ya munthu amene kulibe. Ikani madanga awiri a dzina, lina la pa bilhete, lina limene amadziwika nalo kumudzi, ndipo bokosi lofufuzira liziyang'ana onse awiri ndi tizidutswa ta dzina, kuti akalemba "wendo" kapena "uendo" atuluke onse ofanana, aliyense ndi mudzi wake ndi mfumu yake pambali. Midzi ikhale ndi tebulo lakelake, kalaliki azisankha pa combo box (bokosi la mndandanda) yokhala ndi Limit To List, yokana dzina losapezeka pa mndandandawo, ndipo woonjezera mudzi watsopano akhale munthu mmodzi yekha. Batani lolembetsa mlimi watsopano lisaoneke mpaka kufufuza kutachitika.

Ambiri amathamangira kugwiritsa ntchito nambala ya foni ngati chozindikirira. Sindikulimbikitsani. Banja limodzi limabwerekana foni imodzi, ndipo munthu amasintha khadi la foni (SIM) kutengera netiweki imene ikugwira kumudzi kwake. Isungeni ngati Short Text. Ya ku Mozambique ili ndi manambala 9, yoyamba ndi 82 kapena 83 ya Tmcel, 84 kapena 85 ya Vodacom, 86 kapena 87 ya Movitel, choncho lamulo la Like "8[2-7]#######" limagwira zolakwika zambiri. Popeza alimi a m'malire ena ali ndi makhadi a Airtel kapena TNM, ikani danga la dziko, +258 kapena +265, lamulolo lizitsata dzikolo. NUIT (nambala ya wokhoma msonkho) nayo ndi manambala 9, isungeni ngati mawu chifukwa simudzaiphatikiza ndi kanthu.

Apa ndikuchenjezeni za mtima wofuna kuti danga lililonse likhale lokakamiza. Alimi ena alibe bilhete, ena aisiya kunyumba, ambiri alibe NUIT. Fomu ikakana kusunga popanda nambala, kalaliki alembamo maziro kapena nambala ya munthu wina kuti mzere uyende, ndipo bodza limeneli n'loopsa kuposa danga lopanda kanthu, chifukwa lopanda kanthu mumaliona. Kakamizani zokhazo zimene bizinesi singayende popanda izo: mlimi, deti, katundu, makilo, mtengo. Pa nambala ya bilhete ikani index ya No Duplicates (yokana nambala imodzi kulowa kawiri) koma yolola kusiya osalemba. Index yomweyo ikani pa nambala ya risiti, komanso pa nambala ya chitsimikizo imene imabwera mu uthenga wa ndalama za pa foni wa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kuti malipiro amodzi asalowe kawiri pamene mlimi waonetsa uthenga womwewo kwa makalaliki onse awiri.

Pophatikiza amene analembedwa kale kawiri, musafulumire. Bambo ndi mwana amatha kukhala ndi dzina limodzi m'mudzi umodzi, ndipo kusenzetsa mwana ngongole ya bambo ake ndi mlandu umene ungakafike kwa amfumu. Sindikizani mndandanda wosanjidwa potsata mudzi, mukhale pansi ndi kalaliki amene amawadziwa anthuwo maso ndi maso, iye ndi amene anene kuti awa ndi munthu mmodzi. Mukatsimikiza, samutsani kaye ngongole ndi malipiro onse kupita ku nambala imene ikutsala, kenako mutseke inayo. Onetsetsani kuti Cascade Delete Related Records ndi yozimitsa, apo ayi kufufuta mlimi kumafufutanso ngongole zake zonse. Ine m'database ya ndalama sindiika n'komwe batani lofufutira. Cholakwika chimalembedwa kuti chathetsedwa, ndi chifukwa chake, mzere n'kutsala. Tebulo lililonse likhale ndi madanga osonyeza amene analemba ndi nthawi imene analemba. Zimenezi zimateteza kalaliki wokhulupirika pamene ndalama zasowa.

Fomu yeniyeniyo muikonze muli pambali pa oigwiritsa ntchito. Khalani nawo m'mawa wa tsiku la msika, musalankhule, mungoona pamene dzanja likuchoka pa kiyibodi kukagwira mbewa ya kompyuta (mouse), pamene maso akusochera pakati pa pepala ndi sikirini. Madanga atsatane monga atsatirana pa risiti ya pepala, ndipo tab order (katsatidwe ka madanga podina Tab) iyende chimodzimodzi. Mauthenga a zolakwika muwalembe nokha mu Validation Text, m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi, onena chochita, monga "Makilo apitirira 100 pa thumba limodzi, onaninso sikelo". Ngati marisiti amalowetsedwa madzulo onse pamodzi, kalaliki ayambe waphatikiza mtolo wonse pa kakyuleta, alembe chiwerengero cha marisiti ndi ndalama yonse, ndipo fomu isalole kutseka tsikulo mpaka zolowetsazo zitafanana ndi zimenezo. Njirayi ndi yakale kwambiri, koma cholakwika chimagwidwa tsiku lomwelo pepala likadali patebulo.

Fayilo yokana kutseguka magetsi akathima, ndikuganiza kuti makompyuta onse atatu akutsegula fayilo imodzi ya .accdb yokhala ndi matebulo, mafomu ndi malipoti pamodzi, mwinanso kudzera pa Wi-Fi. Access ilibe seva yoyang'anira zolemba. Kompyuta iliyonse imalemba yokha m'fayiloyo, ndiye kulembako kukadukira pakati, kaya ndi magetsi kaya ndi netiweki, fayilo imavulala ndipo mumaona uthenga wa Unrecognized database format kapena mizere yolembedwa #Deleted. Igaweni pawiri ndi Database Splitter: matebulo okha akhale pa kompyuta imodzi, ndipo kompyuta iliyonse ikhale ndi kope yakeyake ya mafomu ndi malipoti. Alumikizeni ndi mawaya kudzera pa switch (kabokosi kolumikizira mawaya a makompyuta). Fayilo ya matebulo ikhale pa laputopu imene batire lake n'lamoyo, kapena pa kompyuta ya UPS (batire losunga magetsi akathima), ndipo switch nayo ikhale pa UPS, pakuti ikathima ndi chimodzimodzi kudula waya. Musaiike m'foda ya OneDrive, Google Drive kapena Dropbox pamene anthu akuigwiritsa ntchito. Mapulogalamu amenewa amakopera fayilo yonse ndipo sadziwa kuphatikiza zolemba za anthu awiri.

Fayilo ikavulala, koperani kaye yovulalayo, muthamangitse Compact and Repair pa kopeyo. Kafayilo ka .laccdb, kamene Access imapanga database ikatsegulidwa, kakatsalira onse atatuluka, kafufuteni. Ikakanikabe, tsegulani database yatsopano yopanda kanthu, mukokeremo matebulo limodzilimodzi kuti muone limene lavulala. Mukamaliza werengani mizere, chifukwa kukonza kumatha kutaya ina. Kumbukiraninso kuti fayilo ya Access siipitirira 2 GB, choncho zithunzi za alimi ndi za marisiti zikhale m'foda, m'tebulo mungosunga dzina la chithunzicho. Backup ichitike madzulo alionse onse atatseka, iliyonse ndi deti yake, osati kupondereza ya dzulo, ndipo kope imodzi izigona kunja kwa sitolo. Kamodzi pa mwezi muitsegule pa kompyuta ina muone ngati ikugwiradi ntchito. M'menemo muli maina, mafoni ndi ngongole za anthu, ndiye muitseke ndi password ndipo flash imeneyo isakhale yomwe amakoperapo nyimbo.

Za ku Domwe, musayese kulumikiza fomu ya kumeneko ku fayilo ya ku Ulongwe kudzera pa intaneti ya foni, fayiloyo iwonongeka msanga. Musangokoperanso database yonse kuti aliyense azilemba kwake, chifukwa AutoNumber (danga lopereka nambala lokha) ipereka nambala 501 kwa mlimi wina ku Ulongwe ndi kwa winanso ku Domwe, ndipo tsiku lophatikiza mudzapeza ngongole zitasinthana eni. Ngati netiweki ya kudepoti ndi yodalirika, samutsirani matebulo ku seva yeniyeni monga SQL Server Express, imene ndi yaulere, kapena PostgreSQL, mafomu anu a Access azilumikizana nayo kudzera pa ODBC (njira yolumikizira Access ndi seva). Ngati ndi yodukaduka, depoti iliyonse ikhale ndi chilembo chake kutsogolo kwa nambala iliyonse, U-0501 ndi D-0501, Domwe izitumiza zatsopano zokha madzulo, zitere m'tebulo losakhalitsa lija zisanalowe. Pa kugula mbewu m'midzi, KoboToolbox kapena ODK Collect zimalemba pa foni popanda intaneti n'kutumiza netiweki ikapezeka. Nambala ya risiti ndi ya fakitura musazitenge ku AutoNumber, chifukwa imalumpha munthu akayamba mzere n'kuusiya, pomwe mafakitura amayenera kutsatana popanda mpata. Pangani katebulo kosunga nambala yomaliza ya depoti iliyonse, nambala iziperekedwa pa nthawi yosunga.

Kugawa fayilo, mawaya, UPS, backup ndi kutchera makompyuta mofanana mungathe kuchita sabata ino, ndipo ma query a lipoti ndi a madeti ndi ntchito ya pa kope yoyeserera imene siisokoneza aliyense. Koma kusintha mamangidwe a matebulo, kupereka makhadi ndi kuphatikiza alimi musachite m'miyezi yogula soya ndi chimanga, kapena pamene feteleza akutuluka mvula itayandikira. Sankhani nyengo imene sitolo ili phee, ndipo mwezi woyamba buku la pepala liziyenda limodzi ndi kompyuta, muzifananiza ziwirizi Loweruka lililonse musanatseke.